Chaka chimene banki inasasula denga langa

Mvula ikatipeza tili m'tchalitchi ku Malomo, anthu amakondwa, abusa amakweza mawu kuti apose phokoso la malata, koma ine mtima umandiwawa mpaka nyimbo imandikanika. Phokoso limenelo ndinali nalo pakhomo panga. Lero ndimagona m'nyumba ya udzu, ndipo amene sandidziwa amayesa ndinabadwa choncho. Iyayi. Ine Nachisale ndinali ndi nyumba ya malata, yoyamba m'mudzi mwathu. Sinapse ndi moto, sinasasuke ndi mphepo. Inasasulidwa dzuwa likuswa mtengo ndi banki ya boma, banki imene ankati yabwera kudzatukula ife alimi ang'onoang'ono.

Amene anagula malatawo ndi malemu amuna anga, bambo a Lusiya. Anagwira utenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse akalandira, ankabwera ndi malata angapo n'kuwasunga kuseri kwa chitseko. Atakwana anafolera okha. Ndalama ya misomali yeniyeni ya malata inali itatha, ndiye anatola zitsekerero za mabotolo pa magolosale a ku Malomo, n'kumabowola chilichonse ndi msomali wamba kuti madzi asalowe pabowo. Denga lonse linali timadontho tofiira, tobiriwira, tachikasu. Lata limodzi la kukhonde linagweredwa ndi nthambi ya mango, iwo anamata ndi phula. Chifuwa chitawatenga, anandisiyira ana anayi, munda wa pachitunda, ndi denga limenelo.

Okutobala

Chinali chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri. Anthu tinali titayamba kulankhula osacheuka, ufulu unali pakamwa pa aliyense. Koma ufulu sunkamera m'munda. Feteleza anali atakwera mtengo moti tinkangomuyang'ana m'sitolo ngati chithunzi, ndipo nthaka ya kumapiri kwathu kuno mukuidziwa, inatopa kale. Popanda feteleza chimanga chimalekera m'chiuno.

Ndiye kunabwera bambo wina wa tayi pa njinga yamoto, natisonkhanitsa pabwalo la sukulu. Dzina lake lenileni ndinaliiwala, chifukwa pambuyo pake mudzi wonse unkangomutcha a Sabatalamawa.

"Banki iyi ndi yanu," anatero. "Si ya anthu a malonda ayi, ndi ya boma lanu. Ife sitifuna phindu, tifuna chitukuko. Pangani kalabu, tikupatsani mbewu yamakono ndi feteleza wamitundu iwiri, wokulitsa ndi wobereketsa. Mudzabweza mukakolola."

Tinaomba m'manja, amayi tinaimba nthungululu. Ine ndinaimba yaitali kuposa onse, bodza ayi.

Malamulo ndiwo anatchula kumapeto, anthu tikusasa kale fumbi. Aliyense alembetse chikole. Ndipo m'munda wa ngongole mukhale chimanga chokha, chosasakaniza ndi mbewu ina iliyonse, chifukwa ati nyemba ndi maungu zimaba feteleza.

Wapampando wa kalabu tinasankha achimwene anga, a Yosefe, mkulu wa mpingo, munthu woopa lamulo kuposa njoka. Iwowo ndi amene anayenda ndi bambo wa banki khomo ndi khomo kulemba chikole. Atafika kwa ine, bamboyo sanakhale n'komwe pampando umene ndinamupatsa.

"Mbuzi muli nazo, mayi?"

"Zinathera pa maliro a amuna anga."

"Njinga? Wailesi?"

"Ndilibe, bambo."

Anakweza maso, n'kumwetulira. "Nanga awa?"

Ine ndinakana. Ndinati malata amenewa si katundu, ndi thukuta la munthu amene ali kumanda. Achimwene anandikokera pambali.

"Amake Lusiya, musachite mantha, n'zongolemba chabe izi. Banki ya boma ingasasule nyumba ya mayi wamasiye? Boma lake liti? Mukakana, ana awa adzadya chiyani?"

Ndinadinda chala.

Kutsidya kwa kanjira kunali nyumba ya mnzanga Nambewe, amene mwamuna wake anapita kutauni osabwerako. Iye analibe mbuzi, analibe wailesi, denga lake linali la udzu wakuda. Anamukana.

"Mwati banki ya osauka," analira Nambewe pamaso pa anthu. "Ndiye ine ndasaukitsa, eti?"

Ndinamumvera chisoni. Madzulo ake ndinatsitsa mbewu yanga ya chimanga cha makolo imene inkapachikika pa utsi m'khitchini, pamodzi ndi chikho cha nthangala za maungu, khobwe ndi nyemba, ndinamupatsa zonse. Ine sindinkazifunanso, ndinali mlimi wamakono.

Novembala

Mbewu inabwera pa nthawi yake, m'timatumba tokongola, itapakidwa mankhwala ofiira. Mvula nayo inabwera bwino, ya mabingu, yonunkhiritsa fumbi. Tinabzala. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndinayenda m'mizere ndi mbewu yamtundu umodzi m'manja. Mayi anga anandiphunzitsa kuti dzanja limodzi limaponya chimanga, lina nyemba, ndipo pa chulu ndi m'mphepete mumaponya maungu. Tsiku limenelo dzanja lamanzere linkangolendewera, lopanda ntchito.

"Nanga feteleza?" tinafunsa bambo wa banki uja.

"Sabata la mawa."

Disembala

Chimanga chinamera chonse, chosalumpha phando. Chinafika masamba anayi, asanu, kenaka chinayamba kuyezuka, chikasu kuyambira pansi. Mbewu yamakono ija ili ngati mwana wa kutauni, siidziwa kupirira njala. Achimwene ankapalasa njinga kupita ku boma ku Ntchisi, n'kubwerako ndi nkhani yatsopano ulendo uliwonse. Ati mapepala apita ku likulu kukasainidwa. Ati amene amasaina ali ku msonkhano. Ati kwacha yagwa ndiye mtengo akuwerengetsanso. Ati lole yafa. Ena ankanong'ona kuti feteleza alipo ndithu, koma akuyamba ndi anthu amaina. Achimwene ankati tisamafalitse mphekesera, n'tchimo.

Koma Mulungu anali atandichitira chifundo mwanjira ina. Nthangala za maungu a chaka chatha zimene zinatsalira m'nthaka zinamera zokha, pa chulu ndi m'mizere ya kumunsi. Zinayanga bwino kwabasi, masamba ake akuluakulu ngati lichero, maluwa achikasu, ndipo tiana tinali titayamba kale, tina ngati chibakera cha mwana. Ndinkati ndikayang'ana chimanga mtima n'kugwa, ndikayang'ana maungu mtima n'kubwerera.

Tsiku lina m'mawa ndikupalira, ndinamva njinga yamoto. A Sabatalamawa anatsika, achimwene ali pambuyo.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Maungu, bambo. Amera okha."

"Zulani. Kukubwera alendo ochokera kunja, amene amapereka ndalama ku banki yathu. Adutsa msewu uno, ndipo munda wanu ndi umene uli m'mbali mwa msewu. Akaona zosakaniza adzati alimi athu samva malangizo."

"Mwati maungu amaba feteleza. Feteleza wake uti amene akuba? Mwabweretsa?"

"Akubwera sabata la mawa."

"Bambo, inu mwina simudziwa. Kuno m'Febuluwale nkhokwe zimakhala zitagona. Chimene chimatisunga ndi maungu. Mwana akadya dzungu m'mawa amafika madzulo."

Anaseka, kuseka kwa munthu wodya katatu. "Chaka chino m'Febuluwale mudzakhala mukuotcha chimanga chachiwisi. Mbewu iyi ndi yocha msanga. Koma ndikuuzeni, mukapanda kuzula, kalabu yonse silandira feteleza."

Anadziwa pogwira. Pofika madzulo anthu a kalabu anali pakhomo panga, wina kudandaula, wina kunditukwana, ati ndikufuna kupha mudzi chifukwa cha nkhwani. Achimwene anangoti, "Mlongo wanga, lamulo ndi lamulo. Musatichititse manyazi."

Ndinazula. Ndi manja angawa. Mpaka lero ndikakumbukira kulira kwa mizu ija potuluka m'nthaka, ndimafuna kulavula. Ndinazula pa chulu, ndinazula kumunsi, ndinaunjika kuseri kwa nyumba kuti alendo asaone. Masamba tinaphika, tiana tija tinaphika, tinadya masiku awiri basi zinatha. Chakudya cha miyezi iwiri chinathera m'masiku awiri.

Alendo aja anabweradi. Magalimoto oyera anadutsa akuthovola matope, osaima, osatsitsa ngakhale galasi. Chimanga chathu chinali chachikasu kwambiri, sichikanaoneka bwino pa chithunzi. A banki anakawaonetsa munda wina kutsogolo, wa bwana wina amene anali atangotchuka ndi ndale zatsopanozi, kumene chimanga chinali chobiriwira mpaka kuda.

Januwale

Mvula inadula. Kumwamba kunayera mbee, dzuwa la ng'amba likuwotcha kuyambira m'mawa. Chimanga cha makolo cha Nambewe chinkapinda masamba masana, m'mawa n'kudzukanso, ndipo pansi pake maungu anali ataphimba nthaka kuti isaume. Changa chinali pa nthaka ya mbulanda, yoyera ngati bwalo la mpira. Chinamasula ngaiyaye chisanandifike m'chiuno.

Nkhokwe inatha. Ku Malomo mavenda ankagulitsa chimanga pa kambale, ndipo kambaleko kankachepa sabata ndi sabata mtengo ukukwera. Gaga amene kale tinkapatsa nkhumba anayamba kulimbiranidwa pa chigayo. Tinayamba kudya kamodzi, madzulo. Mwana wanga wamng'ono anasiya kusewera, ankangokhala pakhonde kuyang'ana njira.

Ndinapita kukafuna ganyu, ndipo ganyu anali kumodzi kokha, ku munda wa bwana uja. Tinali amayi ambiri, ena ochokera kutali ku Msakambewa. Kapitawo anatipatsa aliyense chitsekerero cha botolo choyezera, n'kutiuza kuti tithire feteleza wobereketsa phando ndi phando. Nditapita kukatapa, ndinayang'ana thumba. Sindidziwa kuwerenga kwambiri, koma chizindikiro ndimachidziwa. Chinali chomwe chija chinali pa timatumba ta mbewu yathu, chomwe chinali pa njinga ya a Sabatalamawa.

"Akapitawo, feteleza uyu ndi wa banki?"

"Eya. Bwana nawonso anakongola komweko."

"Wafika liti?"

"Kalekale, mvula isanagwe. Lole inadzatula pompano."

"Nanga iwo chikole analembetsa chiyani?"

Kapitawo anandiyang'ana ngati ndafunsa zamisala. "Mayi, anthu ngati amenewa chikole chawo ndi dzina. Gwirani ntchito."

Koma abale! Ndinawerama tsiku lonse kudyetsa chimanga cha munthu wolemera feteleza wa banki ya osauka, changa chikufa ndi njala kuseri kwa phiri. Ankatilipira gaga. Ndinkathira misozi ikugwera pamodzi ndi feteleza, osati ya chisoni ayi, ya ukali. Nditawauza achimwene, anangoti mwina bwanayo analembetsa msanga.

Febuluwale

Mwezi uwu sindikonda kuukamba. Ana anatupa mapazi. Lusiya, wamkulu, anasiya sukulu chifukwa ankachita chizungulire panjira. Kumudzi kunali zii, ngakhale agalu anasiya kuuwa.

Amene anatisunga ndi Nambewe, yemwe uja banki inamukana. M'mawa uliwonse ankadutsa kanjira ndi dzungu m'manja, tsiku lina khobwe wamuwisi, tsiku lina chitambe.

"Anzanga, landirani. Ndi mbewu yanu yomwe ija."

"Mudzatha nazo, inunso muli ndi ana."

"Aaa, idyani. Ine banki inandipulumutsa pondikana. Ndikanakhala ndi lata ngakhale limodzi, bwenzi tikufa tonse."

Tinaseka, koma kuseka kwake kowawa.

Kumapeto kwa mweziwo, mvula itabwerera, chimanga changa chitauma kale masamba a pansi, tizitsononkho tili ngati chala, tinamva kulira kwa lole. Feteleza! Wokulitsa ndi wobereketsa, onse tsiku limodzi. Wokulitsa, wothira chimanga chikangomera, kubwera chimanga chitakalamba! A Sabatalamawa anaima pamwamba pa matumba, akumwetulira ngati abweretsa mkwatibwi.

"Bambo, ine sindilandira," ndinatero. "Ndikathire pati? Bwererani naye."

"Sizitheka, mayi. Munadinda kale. Ngongole yanu inayamba kuwerengedwa tsiku lomwe lija, ndi chiwongoladzanja chomwe. Mulandire, musalandire, ndi yanu."

"Chiwongoladzanja cha katundu amene sindinamuone?"

"Ndi mmene zimayendera. Ndiponso mtengo wasintha, kwacha inagwa."

"Inagwa ndili nayo ine? Inagwera m'manja mwanu, mukusunga mapepala!"

Anthu anang'ung'udza kundivomereza, koma achimwene anakweza dzanja, ati tisanyoze boma pagulu. Aliyense anasenza matumba ake. Kuseri kwa lole komweko mavenda anali atafika kale ndi njinga, akudziwa. Ankagula thumba pa theka la mtengo, kulipira ndi chimanga, kuti akagulitse kwa a fodya ndi a madimba. Ine ndinagulitsa onse tsiku lomwelo, ndipo sindichita nazo manyazi. Ana anga anadya.

Achimwene okha ndi amene sanagulitse. Ati malamulo a banki amaletsa. Anatenga feteleza wawo n'kukathira pa chimanga chouma, phando ndi phando, mwaulemu ngati akupereka mgonero. Udzu wa m'munda mwawo chaka chimenecho unakula kuposa munthu.

Epulo ndi Meyi

Kukolola kwake sikunafune ngolo. Ndinatuta ndi dengu, ndipo nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Chochepacho anankafumbwe analowamo msanga, chifukwa chimanga chamakono n'chofewa, ndipo za mankhwala osungira palibe anatiuza. Nambewe anakolola pang'ono nayenso, chaka chinali choipa kwa aliyense, koma iye anali ndi chimanga cholimba, nyemba, khobwe, ndiponso tulo.

Wailesi inayamba kulankhula za ife. Ati alimi a m'midzi ali ndi chizolowezi choipa chosabweza ngongole. Ati tikuyesa demokalase ndi kudya zaulere. Ati banki ikugwa chifukwa cha ife. Ife! Munthu wa ku ofesi amene anakhalira mapepala miyezi inayi sanatchulidwe. Bwana wa chimanga chobiriwira sanatchulidwe. Za iye zinkamveka kuti sanabweze ngakhale tambala, ndipo banki inamuwonjezera ina kuti agulire thalakitala. Sindinaone ndi maso, koma thalakitalayo ndinaiona.

Juni ndi Julayi

Kunazizira, ndipo mphekesera zinachuluka. Wina ati boma lakhululuka ngongole zonse chifukwa cha chilala. Wina ati a ndale ena ananena pa msonkhano ku Mvera kuti aliyense wosasula nyumba ya mlimi amangidwa. Tinakhulupirira, chifukwa munthu wanjala amakhulupirira msanga.

Iyi ndi miyezi imene amayi amamweta udzu wofolera. Nambewe anandiitana kuti tipitire limodzi kudambo.

"Mwetaniko, anzanga, simudziwa za mawa."

Ndinapita kwa achimwene kukafunsa. Iwo anali atagulitsa njinga ndi mbuzi zonse n'kubweza ngongole yawo.

"Achimwene, ndimwete udzu?"

"Wa chiyani? Ndinakuuzani kale, amake Lusiya. Boma silingasasule nyumba ya wamasiye. Amangoopseza."

Sindinamwete. Ndinapita kukachita ganyu wosenda chimanga kuti ndipeze kangachepe kopereka ku banki. Kangachepeko ndinakapereka, anandiuza kuti kangolipira mbali ya chiwongoladzanja.

Seputembala

Lupsa anali atatentha kale madambo onse, mapiri ali bii. Tsiku limenelo ndinali pamtondo pamene lole inaima pamsewu. Inali lole yomwe ija inabweretsa feteleza. Pobwera kudzapereka inachedwa miyezi inayi, pobwera kudzalanda sinafe panjira.

Anatsika a Sabatalamawa, wapolisi mmodzi, ndi amuna awiri achilendo okhala ndi nyundo ndi zitsulo zozulira misomali. Anachita kubwera nawo kuchokera kutali, chifukwa m'mudzi mwathu palibe akanakwera padenga la mnzake. Anayamba kwa ena, kutenga mbuzi, wailesi, mpando. Kenaka anaitana wapampando kuti aloze nyumba yotsatira. Achimwene anabwera akukoka miyendo, chipewa chili m'manja. Sanaloze ndi chala. Anangoima pabwalo panga n'kuweramitsa mutu.

"Achimwene," ndinatero, "boma lake ndi ili."

Anangofinya chipewa chija m'manja.

Ndinatembenukira kwa bambo wa banki. "Inu munandilonjeza feteleza mu Novembala, munabweretsa chimanga chitafa. Munandizulitsa maungu, ana anga anatupa. Amene anaphwanya pangano ndani, ine kapena inu? Bwanji osakasasula ofesi yanu?"

"Mayi, ine ndi wantchito chabe. Zochedwazo ndi za ku likulu. Pano pakuoneka kuti simunabweze."

"Kwa bwana uja mwapitako? Malata ake ndi ambiri kuposa angawa."

Wapolisi anati ndisamale pakamwa. Ndinamuuza kuti pakamwa ndipo pokha pamene sindinalembetse chikole.

Anakwera. Msomali woyamba unalira ngati mwana wa mbuzi. Zitsekerero za bambo a Lusiya zinayamba kugwa pansi, chofiira apa, chobiriwira apo, ana anga akutola osadziwa chochita nazo. Dzuwa linalowa m'chipinda changa, pamphasa panga, pa zovala zanga zamkati zimene zinali pachingwe, anthu onse akuona. Lata la phula lija ndilo linatsika lomaliza. Pofika masana nyumba inali mitengo yokhayokha pamwamba pa zipupa.

Lole itapita, achimwene anayandikira. "Mlongo wanga, ine sindinkadziwa."

"Simunkadziwa, koma munkanena ngati mukudziwa. Pitani, achimwene. Lero ayi."

Udzu unalibe poupeza. Nambewe ndi amene anayamba, anabwera ndi mitolo iwiri pa imene anamwetera nyumba yake. Amayi ena anatsatira, wina mtolo, wina theka. Achimwene anasasula khitchini yawo, n'kubwera kudzafolera okha osalankhula ndi munthu. Udzuwo sunakwane. Mvula yoyamba inatipeza chipinda cha ana chili ndi mapepala apulasitiki, tikutchera miphika pansi.

Za malata anga zinamveka kuti anawaika pa malonda ku boma, koma palibe anagula. Anali ndi mabowo, inde, koma chachikulu n'chakuti aliyense ankadziwa kumene achokera. Ndani angagone tulo pansi pa denga lolandidwa kwa wamasiye?

Januwale winanso

Chaka chimenecho ndinabzala mbewu ya makolo imene Nambewe anandibwezera, dzanja lina chimanga, dzanja lina nyemba, maungu pa chulu. Kalabu yathu inali itatha, koma banki inali itapanga makalabu atsopano m'midzi ina, ya anthu amene anali asanalawe.

Ndinapita ku boma ndi mwana ku chipatala. Pobwerera njira inandidutsitsa kuseri kwa ofesi ya banki, ndipo ndinaona mulu waukulu wa matumba, utafunditsidwa malata, pamwamba atatsindika ndi miyala. Ndikanadutsa. Koma diso linagwa pa lata limodzi lopindika pakona, lomatidwa phula. Ndinayandikira. Pa lina panali patatsalira chitsekerero chobiriwira, chadzimbiri, chikadali ndi msomali wake.

A Sabatalamawa anatuluka pakhomo la kuseri, kapu ya tiyi ili m'manja. Sanandizindikire.

"Bambo, malata anga akutani apa?"

Anayang'ana ine, anayang'ana mulu. "Oo, ndinu mayi aja. Sanagulidwe. Ndiye tangofunditsira kaye feteleza kuti asanyowe."

"Feteleza wa ndani?"

"Wa makalabu a chaka chino."

"Uno ndi Januwale, bambo. Chimanga chawo chikumasula."

"Tikudikira ku likulu asaine. Sabata la mawa."

Ndinaseka mokweza mpaka mwana kumsana anadzidzimuka. "Chabwino. Poti simunawagulitse, ndipatseni. Ana anga akunyowa."

"Sizitheka, ndi katundu wa banki."

"Ndiye ngongole yanga inatha?"

"Ayi, mayi. Ikanatha akanagulidwa. Pakali pano ikadalipo, ndipo ikukwera."

Asa! Ndinafuna kumuthira tiyi wake yemweyo kumaso. Banki sinapeze tambala, ine sindinapeze chimanga, alimi a chaka chino sadzapeza kanthu, ndipo onse a mu ofesi imeneyo mwezi ukatha amalandira. Chitukuko chake chimenecho. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zonsezi, koma mphepo inaomba, madontho akuluakulu anayamba kugwa, iye anathamangira m'kati n'kutseka chitseko.

Mvula inatsika yamphamvu. Ndipo ndinalimva, phokoso lija, lomwe lija bambo a Lusiya anandiitanira panja tsiku limene anamaliza kufolera, akuti, "Tamvera, amake mwana, tamvera!" Feteleza wa banki anali gone pouma. Ine ndinafunditsa mwana chitenje, ndinaima pomwepo kunja kwa mpanda ndikunyowa, kumvetsera mvula ikulira padenga langa.